MTUNDA NDI NTHAŴI PA ULENDO WA PA NDEGE

Ana a m'dera la Mfumu Mpama, m'boma la Chiradzulu, amaidziŵa bwino ndege. Nthaŵi zina imadutsa m'munsi ndithu, ikulindima, pamene ikutsika kukatera pa bwalo la ndege la ku Chileka. Nthaŵi zina imaoneka kutalitali ngati kambalame koyera, ikusiya mzere wonga utsi pambuyo pake. Ndege ya m'mwamba choteroyi imaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono, kotero kuti mwana akhoza kuganiza kuti njinga yamoto ingaipitirire. Koma chinthu chilichonse chimene chili kutali chimaoneka chochedwa. Ngakhale galimoto yothamanga pa mseu wa ku Zomba imaoneka ngati ikukwaŵa kwa munthu amene waima pamwamba pa phiri la Chiradzulu. Zoona zake n'zakuti ndege imeneyo imayenda makilomita 800 kapena 900 pa ola limodzi.

Tsono ngati ndege ili ndi liŵiro lotere, kodi imatenga nthaŵi yaitali bwanji kuchoka mu mzinda wina kukafika mu mzinda wina? Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akadziŵa mtunda ndiye kuti wadziŵanso nthaŵi. Si choncho ayi. Mtunda ndi chinthu choyamba chabe pa zinthu zimene woyendetsa ndege amaŵerengera asananyamuke.

Pakati pa malo aŵiri alionse pali mitunda iŵiri, wa pansi ndi wa m'mwamba. Mseu suongoka. Umazungulira mapiri, umapeŵa madambo, umafunafuna pamene pali mlatho, ndiponso umapatuka kuti udutse m'misika mmene muli anthu ofuna kukwera. Ndege ilibe mavuto ameneŵa. Munthu atati akoke chingwe choongoka kuchokera pa phiri la Chiradzulu mpaka ku Chileka, chingwecho chingatalike makilomita pafupifupi 20 okha. Koma wokwera minibasi amayamba waloŵa ku Limbe, kenaka ku Blantyre, ndipo pofika ku Chileka amakhala atayenda mtunda woŵirikiza kaŵiri.

N'chimodzimodzinso pakati pa mizinda ikuluikulu. Basi yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe imadzera ku Zalewa, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Imayenda makilomita pafupifupi 310, ndipo imatha maola anayi ndi theka kapena asanu. Ndege yonyamuka ku Chileka kupita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene lidatsegulidwa m'chaka cha 1983, imayenda makilomita pafupifupi 245. Ulendo wa ku Johannesburg ndiye umaonetsa kusiyanaku poyera. Basi imatuluka m'Malaŵi pa Mwanza, imaoloka mtsinje wa Zambezi ku Tete, imaloŵa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa mu Harare, ndipo imakaoloka mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge. Wonsewu ndi mtunda woposa makilomita 1,700. Mtunda wa m'mwamba ndi makilomita pafupifupi 1,350. Agogo amene adazoloŵera kuŵerenga mtunda m'mamailosi angakumbutsidwe kuti makilomita 8 ndi mamailosi 5.

Mwana wa sukulu amaphunzira samu yopezera nthaŵi ya ulendo. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imatha maola aŵiri pa mtunda wa makilomita 120. Mtunda umagaŵidwa ndi liŵiro, ndipo chotuluka chake ndicho nthaŵi. Samu yomweyi ikayesedwa pa ndege ya ku Lilongwe imatulutsa yankho lodabwitsa. Ndege yoyenda makilomita 800 pa ola imayenda makilomita 200 pa mphindi 15. Motero makilomita 245 ikadayenera kuwamaliza mphindi 20 zisanakwane. Komabe pa tikiti pamalembedwa kuti ulendowo ndi wa mphindi pafupifupi 40. Nanga mphindi zinazo zimathera kuti?

Nthaŵi ya pa tikiti imayamba kuŵerengedwa pamene zitseko zatsekedwa ndipo ndege yayamba kusuntha. Poyamba imayenda pansi pang'onopang'ono ngati lole yolemedwa, kupita kumapeto kwa mseu wake wautali wothamangirapo. Kumeneko imaima. Woyendetsa amalankhula pa wailesi ndi anthu a m'nsanja ya pa bwalo, amene ntchito yawo ndi kuona kuti ndege ziŵiri zisakumane pa mseu umodzi. Akaloledwa, ndege imathamanga, imatukula mphuno yake ndi kusiya nthaka. Koma ngakhale yauluka, sifika pa liŵiro lake lonse nthaŵi yomweyo. Iyenera kukwera kaye, ndipo kukwera n'kolemetsa, monga momwe aliyense amene adapalasapo njinga pa chitunda amadziŵira.

Ndege zazikulu zimakwera mpaka mamita 10,000 kapena kuposerapo. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili malo aatali koposa m'Malaŵi, ndi ya mamita 3,002. Tsono mapiri atatu otere atasanjikizana sangaifikire ndegeyo. Kumwambako mpweya ndi wopepuka, sukankha ndege kwambiri, ndipo n'chifukwa chake imathamanga bwino osatha mafuta ambiri. Kukafika kumeneko kumatenga mphindi 20 kapena kuposa. Kutsika nakonso kumafuna nthaŵi yofanana ndi imeneyi, pakuti ndege siigwa ngati mwala. Imayamba kutsika ikadali kutali, ikuchepetsa liŵiro pang'onopang'ono, ndipo kaŵirikaŵiri imazungulira kuti itere moyang'anizana ndi mphepo. Pa ulendo waufupi ngati wa ku Lilongwe, ndege sikwera n'komwe mpaka pamwamba penipeni. Ikangokwerako pang'ono, nthaŵi yotsika imakhala yakwana kale.

Apa ndi pamene samu ija imasokonekera. Mtunda wa ku Johannesburg ndi wotalika kasanu ndi theka kuposa wa ku Lilongwe, koma nthaŵi yake siŵirikiza kasanu ndi theka. Ulendowo ndi wa maola aŵiri ndi mphindi pang'ono, ndiye kuti nthaŵi yangoŵirikiza katatu ndi theka. Kukwera ndi kutsika kumachitika kamodzi kokha, kaya ulendo ndi waufupi kaya ndi wautali, ndipo pakati pake ndege imakhala ndi mpata wothamanga mmene ingathere. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, kumatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo. Ku Nairobi, kumene kuli makilomita oposa 1,400, ndi maola aŵiri ndi pang'ono. Ku Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia, ndi makilomita pafupifupi 2,600, ndipo ndege imafikako m'maola pafupifupi anayi.

Ndege nazonso zimasiyana mphamvu. Zina zili ndi mapeni aakulu ozungulira kutsogolo kwa injini, onga a fani, amene amakoka mpweya. Zimenezi ndi zabwino pa maulendo aafupi ndi pa mabwalo aang'ono, koma sizithamanga ngati za jeti, zimene zimakankhidwa ndi mpweya wotuluka mwamphamvu kumbuyo kwa injini.

Amuna ambiri a m'midzi ya m'Malaŵi adakwera ndege za mtundu woyambawu kalekale, anthu ambiri a m'tauni asanaikwerepo. Iwoŵa adali anthu opita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ku Joni. Makolo awo ankapita kumeneko wapansi, kuyenda milungu yambiri m'tchire loopsa. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1950, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, limene anthu ankalitcha Wenela, lidayamba kuwanyamula pa ndege. Ndegezo zinkawatula ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankapitiriza pa sitima ya pamtunda. Kuchoka ku Chileka kukafika ku Francistown ndi makilomita pafupifupi 1,000. Ndege ya mtundu wa DC-4, imene inkayenda makilomita pafupifupi 350 pa ola, inkafuna maola ngati atatu pa mtunda umenewu. Ndege ya jeti ya masiku ano imafika ku Johannesburg, kumene kuli kutali kuposa pamenepa, m'nthaŵi yocheperapo. Pa 4 Epulo 1974 ndege imodzi ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ili pa ulendo wobwezera anthu kwawo. Amalaŵi oposa 70 adafera pa ngoziyo, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda adalamula kuti Wenela ileke kulemba anthu m'dziko muno.

Padalinso ndege ina yotchedwa Concorde, imene inkanyamula anthu kuyambira 1976 mpaka 2003. Iyo inkapitirira makilomita 2,000 pa ola, ndipo inkachoka ku London kukafika ku New York m'maola atatu ndi theka. Koma inkamwa mafuta ochuluka zedi, phokoso lake lidali losautsa, ndipo ndi olemera okha amene ankatha kugula tikiti yake.

Ulendo womwewo wa pakati pa London ndi New York, wa makilomita pafupifupi 5,500, umaphunzitsa chinthu china. Ndege za masiku ano zimatha maola ngati asanu ndi atatu popita ku New York, koma pobwerera ku London zimatha maola ngati asanu ndi aŵiri. Mtunda ndi womwewo, ndegenso ndi yomweyo. Chimene chimasiyanitsa ndi mphepo. Kumwamba kumene ndege zimayenda kuli mphepo zamphamvu zimene zimaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'maŵa, ndipo liŵiro lake limapitirira makilomita 150 pa ola. Ndege yopita kum'maŵa imakankhidwa kumsana, pamene yopita kumadzulo imalimbana nayo mphepoyo maso ndi maso. Wopalasa bwato pa mtsinje wa Shire amazidziŵa zimenezi: kutsika ndi madzi n'kosavuta, koma kukwera kumatuluka nako thukuta.

Nyengo nayo imatalikitsa ulendo. M'miyezi ya mvula, mitambo yakuda ya mabingu imakula ngati mapiri, ndipo woyendetsa wanzeru saloŵamo. Amaizungulira, ngakhale kutero kukuonjeza makilomita. M'miyezi yozizira, chiperoni chimakuta mapiri a Chiradzulu, Blantyre ndi Thyolo ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Nkhungu ikachindikala kwambiri pa bwalo, ndege imazungulira m'mwamba kudikira kuti kuyere, ndipo kukapanda kuyera imakatera pa bwalo lina. Pa chifukwa chimenechi, woyendetsa sathira mafuta ongokwanira mtunda wa ulendo wake. Lamulo limamuuza kuti atengenso okwanira kukafika pa bwalo lina, ndi ena apadera odikirira m'mwamba. Galimoto ikatha mafuta imaima pambali pa mseu, koma ndege ilibe poima. Choncho kuŵerengera nthaŵi molondola ndi nkhani ya moyo wa anthu onse amene akwera.

Pa maulendo aatali kwambiri pamabweranso nkhani ya maonekedwe a dziko. Dziko lapansi ndi lobulungira ngati lalanje, pamene mapu a pa khoma ndi afulati. Njira imene imaoneka yoongoka pa mapu a pa khoma kaŵirikaŵiri si imene ili yaifupi. Kuti munthu apeze njira yaifupi, atenge mapu obulungira aja onga mpira, aike ulusi pa mizinda iŵiriyo ndi kuukoka kuti ulimbe. Akachita zimenezi pakati pa London ndi Los Angeles, ulusiwo umadzera kumpoto kwambiri, pamwamba pa chisumbu chozizira cha Greenland, ndipo ndege zimadzeradi komweko.

Ulusi womwewo ukaikidwa pa Lilongwe ndi London umasonyeza makilomita pafupifupi 8,000. Ndege yoyenda osaima ingamalize mtunda umenewu m'maola ngati 10. M'chaka cha 1974 kampani ya Air Malawi idagula ndege yaikulu ya mtundu wa VC10, imene inkanyamula anthu kuchoka ku Chileka kupita ku London mpaka 1979. Kampaniyo idatha m'chaka cha 2013, ndipo m'malo mwake mudaloŵa ina imene idayamba kuulutsa ndege mu 2014, ya boma la Malaŵi pamodzi ndi Ethiopian Airlines. Masiku ano munthu wopita ku London amasintha ndege panjira, ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Wodzera ku Addis Ababa amakhala m'mwamba maola anayi, kenaka maola enanso pafupifupi asanu ndi atatu pa mtunda wa makilomita 5,900. Pakati pa ndege ziŵirizo pali kudikira kwa maola angapo pa mpando wa m'bwalo. Wodzera ku Johannesburg ndiye amayamba wabwerera kum'mwera maola aŵiri, pamene London ali kumpoto.

Komabe wodandaula ndi kudikiraku ayenera kumva za akale. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pa madzi, za kampani ya BOAC, zinkaima pa Cape Maclear pa Nyanja ya Malaŵi. Zinkachokera ku Southampton ku Mangalande, zinkauluka masana okha, ndipo usiku okwera ankagona m'mahotela a panjira. Ulendo wonse mpaka ku Johannesburg unkatha masiku oposa anayi, ndipo anthu ankauona kuti ndi wachangu chodabwitsa. Adali ndi chifukwa chotero. Pamene John Chilembwe ankapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, ndege kudalibe. Apaulendo a masiku amenewo ankatsika ndi mitsinje ya Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde, ndipo kumeneko ankakwera sitima za pa nyanja ya mchere zimene zinkayenda milungu yambirimbiri. Chilembwe adabwerera mu 1900 ndi kukhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe, m'boma lomweli la Chiradzulu. Ndege yoyamba idadzauluka patapita zaka zitatu, pa 17 Disembala 1903, pamene Orville ndi Wilbur Wright adaiyesa ku America. Idakhala m'mwamba masekondi 12 okha, ndipo mtunda umene idayenda sudafike ngakhale pakati pa bwalo la mpira.

Chinthu chimene chimasokoneza apaulendo ambiri atsopano ndi wotchi. Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maola 24, ndipo maiko a kum'maŵa amaona dzuŵa msanga kuposa a kumadzulo. Pamene ana a kwa Mpama akuloŵa m'kalasi m'maŵa, ku India dzuŵa limakhala litakwera kale, pamene ku New York anthu ali m'tulo pakati pa usiku. Chifukwa cha ichi maiko adagwirizana kuti mawotchi awo azisiyana. Malaŵi ali ndi nthaŵi yofanana ndi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, kotero wopita ku Johannesburg sakhudza wotchi yake. Koma Tanzania, Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo ndi ola limodzi. India ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka. London ali pambuyo ndi maola aŵiri m'nyengo yawo yozizira, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amasuntha mawotchi awo, ndipo kusiyanako kumakhala ola limodzi lokha.

Pa tikiti, nthaŵi yonyamuka imalembedwa monga mwa wotchi ya kumene munthu akuchokera, ndipo nthaŵi yofika imalembedwa monga mwa wotchi ya kumene akupita. Mwachitsanzo, tikiti ikhoza kunena kuti ndege inyamuka ku Lilongwe 2 koloko masana ndi kukafika ku Addis Ababa 7 koloko madzulo. Woŵerenga ndi zala apeza maola asanu. Koma ulendowo ndi wa maola anayi. Ola lachisanulo ndi la wotchi chabe. Pobwerera zimatembenuka. Ndege yonyamuka kumeneko 10 koloko m'maŵa imafika ku Lilongwe 1 koloko masana, ndipo zimaoneka ngati yatha maola atatu, chikhalirecho yatha anayi omwe aja.

Kulakwa pa ola limodzi limeneli kumaliritsa munthu. Wapaulendo amene watera ku Addis Ababa ndi kuiŵala kusuntha wotchi yake akhoza kukhala phee, akumwa tiyi, poganiza kuti nthaŵi ikadalipo. Pofika pa chipata apeza chitatsekedwa, ndege itapita. Ndege sidikira munthu monga amachitira minibasi, ndipo kondakitala woitana okwera kulibe. Wotsalayo amagona m'dziko lachilendo kudikira ndege ya maŵa, ndipo nthaŵi zina amalipiranso ndalama zina. Ngati amaperekeza wodwala ku chipatala cha ku India, kapena amathamangira maliro a mbale wake, tsiku lotayikalo ndi lalikulu ndithu.

Pomaliza pake pali nthaŵi imene siilembedwa pa tikiti, ndiyo ya pansi. Munthu wa kwa Mpama wofuna kupita ku Lilongwe pa ndege amatha ola limodzi ndi theka kapena aŵiri kuti afike ku Chileka, posinthasintha minibasi. Ayenera kufikako ola limodzi ndege isananyamuke, kuti tikiti yake ionedwe, katundu wake ayezedwe pa sikelo ndi kufufuzidwa. Akauluka mphindi 40 zija, amadikira katundu wake, ndipo kuchokera ku Lumbadzi pamakhala patatsala makilomita oposa 20 kuti aloŵe mu mzinda. Zonse pamodzi zimakwana maola anayi kapena kuposa. Mnzake amene adakwera basi amafika patangopita maola aŵiri okha, atalipira ndalama zochepa kwambiri. Pa ulendo wotere ndege imapindulitsa munthu wa changu chenicheni, monga dokotala woitanidwa kapena wokakwera ndege ina yopita kunja.

Ulendo wa ku Johannesburg ndi wosiyana. Wokwera ndege ayenera kufika pa bwalo maola aŵiri kapena atatu nthaŵi isanakwane, chifukwa pasipoti yake iyenera kudindidwa. Ngakhale zili choncho, akhoza kudya phala kwa Mpama m'maŵa ndi kukadya nsima ya madzulo ku Joni. Wokwera basi amagona m'njira. Amatsika ndi kufola pa malire atatu, ndipo ulendo wake umapitirira tsiku lathunthu, usana ndi usiku, makamaka ngati pa Beitbridge pali mzere wautali. Komatu mabasi a ku Joni amadzaza. Tikiti yake ndi yotsika mtengo, ndiponso basi imakoka ngolo ya katundu kumbuyo. Pa ndege zambiri chikwama chimodzi sichiloledwa kupitirira makilogalamu 23, ndipo kilogalamu iliyonse yoonjezera imalipiridwa modula. Mayi wa geni amene wakaoda mabulangete, mapoto ndi nsapato zodzaza matumba asanu amasankha kupirira masiku aŵiri pa mseu, kuti akatsike pa Blantyre ndi katundu wake yense.